Kapisozi wa khansa womwera kunyumba: zoyenera kudziwa za lenalidomide ndi anzake

Anthu ambiri akamva za chithandizo cha khansa amaganiza za diripi ndi bedi la kuchipatala, koma pali gulu lina la mankhwala amene wodwala amalandira pawindo la famase n'kupita nawo kwawo kuti azikamwa yekha. M'gululi muli thalidomide, lenalidomide ndi pomalidomide, ndipo madokotala amawapereka makamaka kwa odwala multiple myeloma, khansa imene imayambira m'mafuta a m'mafupa n'kumachititsa kupweteka kwa msana, kuthyoka mafupa popanda ngozi yeniyeni, kuchepa magazi ndi kuwonongeka kwa impso. Mu 2019 bungwe la WHO linaika thalidomide ndi lenalidomide pamndandanda wa mankhwala ofunika kwambiri, ndipo odwala akwathu ena amabwera nawo pochokera ku India kapena ku South Africa. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti munthu akapatsidwa makapisozi m'malo mwa diripi amayamba kuwapeputsa, chikhalirecho amene adzayambe kuona vuto likabwera ndi iye mwini pamodzi ndi omudwazika, dokotala ali kutali.

Mankhwalawa sagwira ntchito ngati mankhwala akale a khansa amene amapha selo lililonse lochulukana msanga. Mu 2010 akatswiri a ku Japan anapeza kuti thalidomide amamatirira ku puloteni yotchedwa cereblon, imene ili mbali ya njira yomwe selo limatayira mapuloteni osafunika. Kafukufuku wotsatira anaonetsa kuti lenalidomide akamatirira pamenepo amachititsa selo la khansa kutaya mapuloteni amene limadalira kuti likhale moyo, ndipo nthawi yomweyo amadzutsa asilikali a m'thupi kuti alimbane ndi khansayo. N'chifukwa chake amatchedwa mankhwala osintha kagwiridwe ka chitetezo cha m'thupi. Samachiritsiratu myeloma, koma amatha kuigonetsa kwa zaka.

Nkhani ya mimba ndiyo yoyamba pa zonse, ndipo mbiri yake ndi yowawa. Kampani ya Chemie Grünenthal ya ku West Germany inayamba kugulitsa thalidomide mu 1957 ngati mankhwala ogonetsa, ndipo amayi oyembekezera ambiri ankamwa pofuna kuthetsa nseru. Pofika mu 1961, pamene Widukind Lenz ku Hamburg ndi William McBride ku Sydney anachenjeza poyera, zinthu zinali zitawonongeka kale, chifukwa ana oposa 10,000 m'mayiko osiyanasiyana anabadwa ndi manja kapena miyendo yaifupi kwambiri kapena opanda n'komwe, ena opanda makutu, ena ndi vuto la mtima. Ku America ngoziyi inachepa chifukwa Frances Kelsey wa ku FDA, bungwe la boma loona za mankhwala, anakana kuvomereza mankhwalawo. Thalidomide anabwereranso patapita zaka, poyamba pa zovuta za khate, kenaka pa myeloma, ndipo lenalidomide ndi pomalidomide anapangidwa kuchokera kwa iye, motero onse atatu amatengedwa kuti angapundule mwana.

Nthawi yoopsa kwambiri ndi kuyambira tsiku la 20 mpaka la 36 mimba itaima, pamene mayi nthawi zambiri sanazindikire n'komwe kuti ndi woyembekezera, ndipo kapisozi mmodzi wa thalidomide ndi wokwanira kuwononga. Choncho mayi amene angathe kubereka amayezedwa mimba asanayambe mankhwala, amayezedwanso masabata 4 aliwonse, ndipo ayenera kukhala pa njira yodalirika yolera kuyambira masabata 4 asanayambe mpaka masabata 4 atamaliza. Mapiritsi olera okhala ndi homoni yachikazi yotchedwa estrogen salimbikitsidwa chifukwa amawonjezera kuundana kwa magazi, kotero ndi bwino kukambirana za jakisoni wa miyezi itatu, lupu kapena njira yoika pamkono. Kuyamwitsa nakonso n'koletsedwa. Abambo nawo zikuwakhudza, pakuti mankhwalawa amapezeka mu umuna: bambo ayenera kugwiritsa ntchito kondomu ngati mkazi wake ali woyembekezera kapena angathe kuima, ngakhale bamboyo atatseketsa kale, ndipo apitirize kutero atasiya mankhwala kwa masiku osachepera 7 malinga ndi malamulo a ku Ulaya, kapena masabata 4 malinga ndi a ku America. Pachikhalidwe chathu wachibale akadandaula msana timamugawira mankhwala mwachifundo. Ndi mankhwala awa chifundo chotero chingathe kupundula mwana wa mlongo wanu, choncho muziwasunga potsekeka ndipo otsala muwabweze kuchipatala. Wodwala asaperekenso magazi.

Kamwedwe kake n'kosavuta. Pa myeloma, lenalidomide kawirikawiri amayambira pa mamiligalamu 25 kamodzi patsiku kwa masiku 21, kenaka kupumula masiku 7, pamodzi ndi dexamethasone (mankhwala ochepetsa kutupa amene amathandizanso kulimbana ndi myeloma), koma mlingo umachepetsedwa ngati impso zafooka chifukwa ndi impso zimene zimachotsa mankhwalawa m'thupi. Kapisozi amezedwe wathunthu ndi madzi, osatsegula kapena kutafuna, pa nthawi yofanana tsiku lililonse. Mukaiwala ndipo sipanathe maola 12, imwani. Ngati adutsa, dikirani mawa ndipo musamwe awiri. Thalidomide amamwedwa usiku chifukwa amagonetsa. Masiku 7 opumula aja si okomera munthu mtima chabe, ndi nthawi imene mafuta a m'mafupa amapezanso mphamvu, ndiye musawadumphe poganiza kuti muchira msanga.

Vuto lofala kwambiri la lenalidomide ndi pomalidomide ndi kutsika kwa maselo a m'magazi, ndipo munthu salimva likamayamba. N'chifukwa chake magazi amayezedwa sabata iliyonse m'miyezi iwiri yoyambirira, kenaka mwezi ndi mwezi. Ndikudziwa kuti thiransipoti yopita ku Kamuzu Central kapena ku Queen Elizabeth si yapafupi kwa munthu wakumudzi, koma ndi bwino kupempha kuti muziyezetsa pachipatala chaboma chapafupi n'kutumiza zotsatira kusiyana ndi kungojomba. Maselo oyera akatsika, matenda amene thupi likanawagonjetsa m'masiku awiri angathe kufalikira m'magazi pa maola ochepa. Kwathu kuno thupi likatentha timati ndi malungo, timamwa Panado n'kufunda bulangete, mwinanso kugula mankhwala a malungo pagolosale. Kwa munthu amene ali pa mankhwalawa, kutentha kofika madigiri 38 kapena kunjenjemera kumafuna chipatala tsiku lomwelo ngakhale pakati pa usiku, ndipo Panado amangobisa chizindikiro chimene dokotala akuchifuna. Malungo ayezedwe ndithu, koma muuzeni wokuonaniyo dzina la mankhwala anu kuti ayezenso kuchuluka kwa maselo a m'magazi. Kachipangizo koyezera kutentha kwa thupi n'kofunika kukhala nako panyumba. Kutuluka magazi m'nkhama potsuka mano, kamfuno kosasiya, mikwingwirima yopanda chifukwa kapena chimbudzi chakuda zimasonyeza kuti tizigawo toundanitsa magazi tachepa.

Chodabwitsa n'chakuti mankhwala omwewa amachititsanso magazi kuundana m'mitsempha, makamaka akaphatikizidwa ndi dexamethasone. Chizindikiro chake n'chakuti mwendo umodzi, osati yonse iwiri, umatupa, umatentha ndipo katumba amapweteka poyenda. Osausisita kapena kuuthowa ndi madzi otentha monga timachitira munthu akabinya, chifukwa magazi oundanawo angathothoke n'kukatseka mitsempha ya m'mapapo, ndipo pamenepo munthu amabanika mwadzidzidzi, amamva kubaya pachifuwa, nthawi zina amatsokomola magazi. Pofuna kupewa zimenezi dokotala amapereka asipirini wochepa mphamvu kapena mankhwala ena osungunula magazi malinga ndi chiopsezo cha munthu, ndipo si bwino kudziyambira kapena kudzisiyira nokha. Paulendo wautali wa basi, ngati wa ku Johannesburg, muziimirira n'kuwongola miyendo pamene basi yaima ndipo muzimwa madzi okwanira.

Zina n'zosautsa koma zopirika: kutopa, kukokana kwa minofu, kutsekula m'mimba kapena kudzimbidwa, ndi totupa toyabwa pakhungu. Totupa tikayamba matuza, khungu likamasupuka, kapena zilonda zikatuluka m'kamwa ndi m'maso, siyani kumwa ndipo thamangirani kuchipatala. Thalidomide ali ndi vuto lakelake la mitsempha yomvera kukhudza (osati ya magazi) ya m'manja ndi m'mapazi. Limayamba ngati dzanzi la kunsonga kwa zala za kuphazi, kenaka munthu amaona kuti patapata wavuka osadziwa kapena akulephera kumanga mabatani a malaya. Odwala ambiri amabisa poopa kuti alandidwa mankhwala, koma mlingo ukachepetsedwa msanga mitsempha imapulumuka, pamene kuchedwa kungasiye dzanzi la moyo wonse.

Mu 2020 bungwe la FDA linavomereza pomalidomide pa khansa ya Kaposi, imene ndi imodzi mwa khansa zofala kwambiri m'Malawi, makamaka pakati pa anthu amene ali ndi HIV. Wodwala wotere amapitiriza ma ARV ake, koma dokotala ayenera kuona mankhwala onse pamodzi, chifukwa Bactrim ndi zidovudine (mmodzi mwa ma ARV) nawonso amatsitsa maselo a m'magazi. Mankhwala azitsamba muwatchule osachita manyazi, pakuti impso za wodwala myeloma zimakhala zofooka kale, ndipo pa chifukwa chomwecho ibuprofen ndi diclofenac apewedwe ngakhale msana ukuwawa. Munthu asanayambe amayezedwanso matenda a chiwindi a hepatitis B, popeza kachilombo kamene kanagona kangathe kudzuka, monganso mashingozi.

Odwala ena amafunsa za zimene anawerenga, zoti lenalidomide angayambitse khansa ina. N'zoona kuti kafukufuku anapeza chiopsezo chokwererapo, makamaka kwa amene analandiranso mankhwala ena a khansa otchedwa melphalan, ndipo dokotala amene angakane zimenezi sakukuuzani zoona. Komabe kwa odwala ambiri myeloma yosathandizidwa ndi yoopsa kwambiri kuposa chiopsezo chimenechi, ndipo chimene wodwala angachite n'kusonyeza dokotala chotupa chatsopano chilichonse kapena chilonda chapakhungu chosapola nthawi iliyonse akapita kukaonedwa.