Cape Point kapena Cape Agulhas: mkangano wa pomwe Africa amathera

Anthu amene amatsika ndi Africa kuchokera ku Cairo, kaya pagalimoto, panjinga yamoto kapena yakapalasa, amakathera ulendo wawo ku Cape Town. Pambuyo pa miyezi yambiri ali m'njira, amakhala ndi masiku atatu kapena anayi asanakwere ndege yobwerera kwawo, ndipo pafupifupi onse amafuna chinthu chimodzi: kukaima pomwe dziko lathera n'kujambulitsa. Ambiri amathamangira ku Cape Point, mtunda wa makilomita pafupifupi 70 kuchokera mumzinda, n'kubwerako akukhulupirira kuti aponda nsonga yakummwera kwenikweni kwa Africa ndiponso aona pokumanira nyanja ziwiri. Zonse ziwirizi si zoona. Nsonga yeniyeni ili ku Cape Agulhas, makilomita pafupifupi 150 chakummawa kwake, ndipo yatsikira kummwera ndi makilomita ena 55.

Chisokonezochi n'chakale kuposa mabasi a alendo. Chinayamba ndi amalinyero.

Mu 1488 Bartolomeu Dias wa ku Portugal anakankhidwa ndi namondwe kutali ndi gombe, moti anazungulira kummwera kwa Africa osaona mtunda. Anakakocheza ku Mossel Bay pa 3 February, ndipo nsonga yamatanthwe ya pafupi ndi Cape Point anaiona pobwerera. Nkhani imene imakambidwa kwambiri ndi yakuti iye anaitcha Cabo das Tormentas, kutanthauza nsonga ya anamondwe, koma mfumu João II inasintha dzinalo kukhala Cabo da Boa Esperança, nsonga ya chiyembekezo chabwino (Cape of Good Hope), poti njira ya ku India inali itaoneka. Kwa munthu amene wakhala miyezi akulondola gombe lakumadzulo chotsikira kummwera, pamenepa ndi pomwe chombo chimayamba kuloza kummawa. M'maganizo mwa amalinyero Africa ankathera pomwepo, ngakhale mtunda unkapitirirabe kutsika pang'onopang'ono kutsogolo. Kenaka mu 1652 Jan van Riebeeck anakhazikitsa malo opumulirapo zombo za kampani ya Adatchi m'tsinde mwa phiri la Table Mountain, ndi dimba la ndiwo zamasamba lomwe lilipo mpaka lero pakati pa mzinda, lotchedwa Company's Garden. Mzinda utakula, nsonga yoyandikana nawo ndi imene inatchuka.

Agulhas alibe choonetsa chotere. Ndi gombe lathyathyathya, lamiyala yakuthwa, moti popanda chikwangwani simungadziwe kuti mwafika. Dzinalo ndi la Chipwitikizi, litanthauza masingano: cha m'ma 1500 amalinyero anaona kuti pamenepa singano ya kampasi inkaloza kumpoto kwenikweni osapatuka. Bungwe loona za mapu a nyanja padziko lonse linaika malire a nyanja ya Atlantic ndi ya Indian pa mzere wa madigiri 20 kummawa, ndipo mzerewu umayambira pa Agulhas. Papepala mlandu unatha kalekale.

M'madzimo ndiye simunathe. Madzi ofunda a mtsinje wa m'nyanja wotchedwa Agulhas amatsika ndi gombe lakummawa, n'kukapinda msana kubwerera kummawa akafika kummwera kwa Africa. Madzi ozizira a Benguela amakwera ndi gombe lakumadzulo. Pomwe awiriwa amasakanikirana pamasuntha malinga ndi nyengo, ndipo pamenepa ndi pomwe ochemerera Cape Point amagwira. Amalozanso kusiyana kwa madzi mbali ziwiri za mtunda wolowa m'nyanja umene umathera pa Cape Point: ku Muizenberg, mu False Bay, anthu amasambira bwinobwino, pamene ku Camps Bay madzi amaluma mafupa. Kusiyanako n'koona, koma chifukwa chake si nyanja ziwiri. M'chilimwe cha kumeneko, kuyambira November mpaka February kapena March, mphepo yamphamvu yochokera kummwera chakummawa imakankhira madzi apamwamba kutali ndi gombe lakumadzulo, ndiye madzi ozizira apansi amakwera kudzalowa m'malo. N'chifukwa chake mbali imeneyo madzi amazizira kwambiri nthawi yomwe dzuwa likuswa mtengo. Mzere wathovu womwe ena amaujambula ali pamwamba pa Cape Point n'kumati ndiwo malire a nyanja, ndi mafunde chabe ogunda matanthwe obisika.

Kulakwitsa malo kuno kunkapha anthu. Dzina loti False Bay linabwera chifukwa amalinyero ochokera kummawa ankaona nsonga ya Hangklip n'kuiyesa Cape Point, akakhota n'kupezeka alowa m'chigwa cholakwika cha nyanja. Ngozi yoopsa kwambiri ya mtunduwu inachitika pa 30 May 1815. Sitima ya ku Britain yotchedwa Arniston, yochokera ku Ceylon itanyamula asilikali ovulala, inalibe wotchi yapanyanja yowerengera mtunda wa kummawa ndi kumadzulo. Woyendetsa anaganiza kuti wadutsa kale Cape Point, anakhotera kumpoto, n'kukaswa sitimayo pagombe chakummawa kwa Agulhas. Anthu 372 anafa, asanu ndi mmodzi okha ndiwo anapulumuka. Nsanja yowunikira zombo ya ku Agulhas inayatsidwa mu 1849, ndipo ikugwirabe ntchito. Alendo amakwera makwerero 71 otsetsereka kwambiri, omwe munthu woopa malo okwera achita bwino kuwasiya.

Ya ku Cape Point nayo ili ndi mbiri yake yolakwitsa. Yoyamba inayamba kuwala mu 1860, itamangidwa pamwamba penipeni, mamita oposa 200 kuchokera pamadzi, poganiza kuti ikatalika iwonekera kutali. Anaiwala nkhungu. Mitambo ikatsika nyaliyo inkabisika pamene pansi pakuoneka bwinobwino, ndipo kukakhala koyera inkaonekera msanga kwa zombo zozungulira nsongayo, zomwe zinkakhota nthawi isanakwane. Pa 18 April 1911 sitima ya Apwitikizi yotchedwa Lusitania inagunda thanthwe la Bellows Rock. Iyi si Lusitania imene inamizidwa pankhondo mu 1915, ngakhale operekeza alendo ena amazisokoneza. Zitatero anamanga nsanja ina m'munsi, mamita 87 okha, yomwe inayatsidwa mu 1919. Imene alendo amakwerako lero, wapansi kapena pakasitima kokokedwa ndi chingwe, ndi yakale yosagwira ntchito ija. Yatsopano imaonekera bwino mukatsata kanjira kopapatiza kodutsa kuseri kwa yakaleyo.

Chinanso chomwe ambiri sadziwa n'chakuti Cape Point ndi Cape of Good Hope ndi nsonga ziwiri zosiyana, zotalikirana makilomita ngati awiri. Chikwangwani chathabwa chomwe anthu amachiimira pamzere chili pa Cape of Good Hope, m'munsi pagombe, ndipo chinalembedwa mochenjera: chimati nsonga yakummwera chakumadzulo, osati yakummwera.

Wofuna kuona zonse m'masiku ochepa azitsata mphepo, osati ndandanda imene analemba ali m'njira. Kagalimoto kapachingwe kokwera Table Mountain, komwe kanayamba kuyenda mu 1929, amakaimitsa mphepo ikakula kapena mtambo ukaphimba phiri, ndipo zimatha kutero masiku angapo motsatizana. Maboti opita ku Robben Island, komwe Nelson Mandela anakhala zaka 18, nawonso amalephereka nyanja ikakalipa, komanso matikiti ake amatha msanga m'December ndi January. Choncho m'mawa woyamba wabata upite kuphiri kapena kuchilumbako. Amene amasungira zimenezi tsiku lomaliza ndiwo amakwera ndege akudandaula.

Cape Point imafuna tsiku lathunthu. Njira yabwino n'kutsikira mbali ya False Bay, kudzera ku Simon's Town ndi ku Boulders komwe mbalame za penguin zinakhazikika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, n'kubwerera madzulo mbali ya Atlantic kudzera pa Chapman's Peak Drive. Msewu umenewu unatsegulidwa mu 1922, ndi wa makilomita 9 ndi makona 114, ngolipira, ndipo amautseka kukakhala chiopsezo cha miyala yogumuka, choncho funsani musananyamuke. Pamalo oimika magalimoto ku Cape Point samalani ndi anyani. Amadziwa kutsegula zitseko zosakhoma ndipo chikwama chilichonse amachiyesa cha chakudya. Kuwapatsa chakudya n'kuphwanya lamulo, ndipo nyani wozolowera kulanda anthu nthawi zambiri amathera kuphedwa.

Agulhas ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 220 kuchokera ku Cape Town, maola atatu kupita kokha: msewu wa N2 kudutsa phiri la Sir Lowry's Pass mpaka ku Caledon, kenaka R316 kudzera ku Napier kukafika ku Bredasdorp, n'kumalizira pa R319 kudzera ku Struisbaai. Popanda galimoto yanuyanu kapena yahayala kufikako n'kovuta. Uwu ndiwo ulendo woyenera tsiku lamphepo, poti kulibe chingwe kapena boti zoti ziimitsidwe. Ku Bredasdorp kuli nyumba yosungiramo zotsala za zombo zosweka, yoyenera ola limodzi. Kuchokera pansanja yowunikira ija kukafika pamwala wa malire a nyanja ziwiri ndi mtunda wa kilomita imodzi pakanjira kamatabwa, ndipo mukapitirira chakumadzulo mupeza chigoba chadzimbiri cha Meisho Maru, sitima yausodzi ya ku Japan imene inasweka mu 1982. Amene abwera pagalimoto kapena panjinga yawo kuchokera kumpoto achita bwino kuyambira kuno asanalowe mumzinda: akatsika ndi N2 kuchokera ku Mossel Bay, amapatukira ku Swellendam pa R319 yemweyo, ndipo sadzafunikanso kuyenda makilomita 440 kupita ndi kubwerera galimoto ili kale padoko kudikira kupakiridwa.