Sefa ya mfuti pafupi ndi bedi kuno ku Joni: mafunso ndi mayankho

Nkhani ya akuba olowa m'nyumba usiku kuno ku South Africa palibe amene sakuidziwa, ndiye abale athu ena amene anakhazikika kuno kalekale ndipo mapepala awo ali bwino ayamba kuganiza zokhala ndi mfuti yodzitetezera, ena ali nayo kale. Tikakhala pansi kucheza funso limangobwera limodzimodzi, loti mfutiyo izigona pati, poti aliyense akufuna ikhale poti dzanja lifikepo msanga koma lamulo likuti ikhale yokhomeredwa mu sefa, bokosi lachitsulo lokhala ndi loko. Ine ndili ndi laisensi komanso ndili ndi ana awiri m'nyumba, ndiye nkhaniyi sindiitenga mwachibwana ayi. Awa ndi mafunso amene anthu amandifunsa kawirikawiri.

Kodi Mmalawi angakhale ndi mfuti mwalamulo kuno?

Angathe koma osati aliyense. Lamulo lake ndi Firearms Control Act 60 ya 2000, linayamba kugwira ntchito mokwanira mu July 2004, ndipo limati wofuna satifiketi ya competency, yosonyeza kuti ndi woyenera kukhala ndi mfuti ndipo popanda iyo laisensi siituluka, akhale nzika ya South Africa kapena akhale ndi pemanenti, chilolezo chokhazikika kuno mpaka kalekale, komanso akhale ndi zaka 21 kupita m'mwamba. Ngati muli pa pemiti ya ntchito kapena mukungodinditsa masiku pa pasipoti, khomo ili ndi lotseka, musalole munthu akunamizeni kuti ali ndi njira yachidule. Mfuti yopanda laisensi ikhoza kukugonekani kundende mpaka zaka 15. Laisensi ya mfuti yodzitetezera imaperekedwa pansi pa section 13 ya lamuloli, ndi imodzi yokha, imakhala zaka 5 ndipo muyenera kupempha kuti aiwonjezere masiku 90 isanathe.

Nanga sefa ikubwera pati pamenepa?

Ikubwera koyambirira kwenikweni, laisensi isanatuluke. Mukapereka fomu ku polisi ya dera lanu kuli wapolisi woona za mfuti, timangoti DFO, ameneyo amafuna umboni woti muli ndi posungira povomerezeka ndipo akhoza kubwera kunyumba kudzaona ndi maso ake. Kwanga anabwera, sanalankhule zambiri, anagwada pansi n'kuigwira sefa ija ndi manja awiri n'kuikoka mwamphamvu kuti aone ngati igwedezeke, kenako anati nditsegule aone mabawuti mkati. Zinatha mphindi zochepa koma ndinaona kuti chimene amafuna ndi chimodzi, kuti wakuba asathe kungoinyamula.

Regulation 86 ya malamulo a 2004 ndi imene imanena zonsezi. Imati mfuti ikakhala kuti siili pathupi panu kapena simukuilamulira inuyo mwachindunji, iyo ndi zipolopolo zake zikhale mu sefa yogwirizana ndi muyezo wa SABS 953-1, woikidwa ndi bungwe loona za miyezo kuno ku South Africa.

Kodi sefa iliyonse yachitsulo ndi yovomerezeka? Ndinaona kabokosi kotchipa pa intaneti kotsegula ndi chala.

Apa ndi pamene anthu ambiri amatayira ndalama. Timabokosi tambiri timene mumaona m'mavidiyo a ku America, toika mu dirowa kapena tomangirira ku mwendo wa bedi ndi kawaya, tinapangidwa potsatira malamulo a kumeneko, kuno sizikutanthauza kuti DFO avomera. Sefa ya mfuti zazing'ono pa muyezo wa kuno imatchedwa B1, chitsulo cha m'mbali, pansi ndi pamwamba chisachepere 2.8 mm ndipo chitseko chisachepere 5.75 mm. Mukagwira chitseko choterocho mumamva kulemera m'dzanja, pomwe tina timene amagulitsa m'mashopu a zipangizo ngati tosungiramo mapasipoti ndi ndalama timalira ngati chitini mukatigogoda, sikuludiraiva yaikulu ikhoza kupinda chitseko chake.

Ndiye musanapereke ndalama funsani wogulitsa kuti akuonetseni polembedwa kuti ndi ya SABS 953-1 ndipo risiti isungeni. Malamulo omwewa amatchulanso kabokosi kopepuka ka chitsulo chosachepera 2 mm koma amenewo ndi osungiramo mfuti kwakanthawi, ine ndimati musatenge amenewo kukhala nyumba yeniyeni ya mfuti yanu.

Ndiimangirire bwanji, ndipo pati?

Sefa yosakwana makilo 300 iyenera kumangiriridwa, siiloledwa kungokhala payokha, ndipo sefa ya pisito ili kutali kwambiri ndi makilo amenewo. Mabawuti ake ndi aja okulira m'bowo a M10, osachepera awiri, olowa mu konkire ya pansi kapena mu khoma la njerwa, mitu yake ikhale mkati mwa sefa kuti munthu asamasule chitseko chili chokhoma. Pa thabwa la wodilopu ayi, pa kathebulo ka pambali pa bedi ayi, wakuba angonyamula kathebulo konseko. Ngati sefa ikhale mu wodilopu, bawuti lidutse thabwa lija likagwire khoma lenileni kuseri. Tizipinda tina ta kuseri kwa nyumba za mabwana tinagawidwa ndi mabodi, mukagogoda mumamva kuti mkati mulibe kanthu, pamenepo boolani pansi basi. Pobowola khoma pewani pamzere wa simenti pakati pa njerwa, pamafumbutuka, lasani pakati pa njerwa yeniyeniyo, ndipo muyambe mwaona kumene kwadutsa mawaya a magetsi ndi mapaipi.

Za malo, ine yanga ili mbali imene ndimagona, pansi pang'ono, poti ndikatsitsa miyendo pabedi dzanja likufika osaimirira. Yesani musanaboole, gonani pabedi muzimitse getsi muone ngati chitseko chikutseguka chonse osagunda bedi, chifukwa ena amamangirira kaye kenako n'kuona kuti chitseko chikutsegukira kolakwika. Isaoneke munthu akasuzumira pawindo kapena akaima pakhomo la chipinda. Amene muli pa lendi kambiranani ndi landilodi kaye za kuboola, koma si nkhani youza yadi yonse.

Loko wabwino ndi uti, wa kiyi, wa manambala kapena wa chala?

Apa ndikhalitsapo chifukwa liwiro lonse lagona pa loko. Wa kiyi safuna batire ndipo sawonongeka wamba, vuto lake ndi kiyiyo. Usiku mumdima mtima ukugunda manja akunjenjemera, kupeza kabowo ka kiyi si masewera, ndiye anthu amayamba kusiya kiyi pa sefa pomwepo kapena mu dirowa yapafupi, zikatero sefa ija yasanduka kabati wamba. Ngati mwasankha wa kiyi, kiyiyo izikhala pathupi panu, ena amaivala m'khosi.

Wa manambala ndi umene ine ndimakonda, makamaka wokhala ndi mabatani otukuka oti chala chiziwazindikira osayang'ana. Sinthani nambala imene inabwera nayo kuchokera ku fakitale tsiku lomwelo, ndipo musaike chaka chobadwa kapena pini ya foni imene ana amaiona tsiku ndi tsiku mukamatsegula WhatsApp. Ambiri amalira "pi pi pi" mukamadina, ngati pali pozimitsira kulirako zimitsani. Amayendera mabatire ndiye load shedding siwakhudza, koma mabatire amatha mwakachetechete, sankhani mwezi umodzi pachaka wosinthira ngakhale akuoneka kuti akadali ndi moto, ndipo kiyi yapadera imene amakupatsani ija musaitsekere mkati mwa sefa momwemo.

Wa chala ndi wachangu ukamagwira ntchito, koma ganizirani manja athu. Ambiri a ife timagwira simenti, penti, makhasu a kugadeni, ena tsiku lonse manja ali m'madzi a sopo, zala zimakhala zong'aluka kapena zosalala moti ngakhale foni imakana kutizindikira, onjezani thukuta kapena Vaseline amene mwadzola pogona. Ndipo pali china choopsa kuposa kukana kutseguka. Mu October 2023 ku America bungwe la boma loona chitetezo cha katundu wogula, CPSC, linalengeza kubweza masefa a chala pafupifupi 61,000 a kampani ya Fortress Safe, chifukwa eni ake ankaganiza kuti alembetsa chala chawo pomwe sefa inali ikadali yotseguka ndi chala cha aliyense, ndipo mnyamata wa zaka 12 anamwalira atapeza mfuti mu imodzi mwa masefa amenewo. Ndiye mukagula wa chala, mfuti isanalowemo itanani akunyumba kwanu ayese chala chawo, inunso yesani zala zimene simunalembetse, ikatseguka ibwezeni kushopu.

Bwanji ndingoiika pansi pa pilo usiku, m'mawa n'kuibwezera mu sefa?

Pamenepa anthu amatsutsana, ena amati ili pafupi ndi ine ndiye ndikuilamulira. Ine ndimafunsa kuti munthu amene ali mtulo tofa nato akulamulira chiyani? Mwana akalota zoopsa amathamangira pabedi pa makolo n'kulowetsa manja paliponse, ndipo wakuba akalowa mwakachetechete amakupezani muli chigonere mfuti ili poyera. Ikabedwa choncho mudzafotokoza bwanji ku polisi? Komanso m'mawa wa Lolemba mukuthamangira takisi ndi pamene mudzaiwale kuibwezera.

Pali chinanso chimene sindichibisa, masekondi angapo otsegulira sefa aja amathandiza mutu kudzuka. Tonse tikukumbuka za Oscar Pistorius, katswiri wothamanga wa kuno, pa 14 February 2013 ku Pretoria anawombera chitseko cha chimbudzi n'kupha chibwenzi chake Reeva Steenkamp, iye anauza khoti kuti ankayesa wakuba, ndipo mu December 2015 khoti la apilo linamupeza wolakwa pa mlandu wakupha. Musanagwire mfuti dziwani kuti akunyumba ali pati, ana ali pati, mlendo amene wabwera kuchokera kumudzi wagona pati, ndipo tochi izikhala pambali pa sefa.

Kodi ikhoza kukhala ndi zipolopolo ili mu sefa?

Malamulo amati mfuti zisungidwe zopanda zipolopolo mkati kupatula ya section 13 ija, ndiye yodzitetezera ikhoza kukhala yokonzeka. Langizo langa ndi loti ikhale mu holster, kathumba kake koikamo mfuti, yophimba potokosera pake, ndipo iziyang'ana mbali imodzimodzi nthawi zonse, kuti dzanja likalowa mumdima ligwire chogwirira osati pena. Musadzazemo mapasipoti, ndalama ndi ndolo za amayi, chifukwa zikatero sefa izitsegulidwa katatu patsiku ana akuona. Zipolopolo zotsala nazonso zimakhala zokhomeredwa, ndipo pa laisensi wamba simuloledwa kupitirira 200 pa mfuti imodzi.

Akazi anga kapena amuna anga angadziwe nambala ya sefa?

Ili limawawa anthu koma lamulo likuti mwini laisensi yekha ndi amene azitha kufikira mfutiyo, kapena pasakhale wotsegula iye palibe. Ngati akunyumba alibe laisensi, kuwapatsa kiyi kapena nambala n'kukhala inu kuntchito ndi kudziika nonse awiri m'mavuto. Ngati mukufuna kuti nawonso azitha kudziteteza inu mukachoka, njira yake ndi yoti nawo achite competency atenge laisensi yawo.

Ana ndi ochenjera kuposa mmene timaganizira. Wanga wamng'ono tsiku lina ndinamupeza wagwada pa sefa akudina mabatani motsanzira mmene ndimachitira, nambala sanailondole koma kayendedwe ka chala kanali komweko, mtima unandithawa. Ndinasintha nambala usiku womwewo ndipo kuyambira pamenepo ndimatseka chitseko cha chipinda ndisanatsegule.

Ine ndimagwira ntchito ya m'nyumba, abwana ali ndi mfuti. Zikundikhudza?

Kwambiri, ndipo abale athu ambiri ali pamenepa kuposa amene ali ndi mfuti zawo. Mukamayala bedi n'kupeza mfuti pansi pa pilo kapena mu dirowa musaigwire, musaisunthe ngakhale kuti mupukute fumbi, tulukani muwaimbire foni eni ake ndipo ana asalowe m'chipindamo. Abwana akafuna kukusiyirani kiyi ya sefa popita ku holide kanani mwaulemu, auzeni kuti bwana zimenezi lamulo silindilola. Mfutiyo ikadzasowa woyamba kufunsidwa ndi inu.

Nanga ndikamapita kumudzi pa Khirisimasi?

Laisensi ya kuno siigwira ntchito mukadutsa Beitbridge, ndiye osayerekeza kuiika m'chikwama pokwera basi. Itsale mu sefa yokhoma kiyi mutenge, kapena ngati nyumba itsala yopanda munthu kwa mwezi wathunthu kaisungitseni kwa ogulitsa mfuti ovomerezeka. Mnzanu amene ali ndi laisensi akhozanso kukusungirani mu sefa yake koma pamafunika chilolezo cholemba chimene DFO wasainira, fomu yake ndi SAPS 539, osati kungopatsirana pamanja.

Ikabedwa ndichite chiyani?

Kanenani ku polisi pasanathe maola 24 kuchokera pamene mwadziwa, kuchedwa ndi mlandu pawokha. Musakonze kapena kusesa pamalopo apolisi asanaone, mabowo a mabawuti ozuka ndi chitseko chopindika ndiwo umboni wanu woti munasunga bwino, pamodzi ndi risiti ija ndi zithunzi zimene munajambula tsiku lomangirira. Akapeza kuti inali pa wodilopu kapena mu galimoto yosakhala ndi posungira povomerezeka, mukhoza kuimbidwa mlandu pansi pa section 120 komanso kulengezedwa kuti simuli woyenera kukhala ndi mfuti, laisensi n'kuthera pomwepo.

Ndiye liwiro lija ndilipeza bwanji ngati zonse zili zokhoma?

Pozolowetsa dzanja. Chotsani mfuti muisunge bwino, sefa ikhale yopanda kanthu, ana atagona zimitsani getsi mugone mmene mumagonera, kenako dzukani mutsegule osayang'ana, bwerezani kakhumi. Yesani ndi dzanja lamanzere, yesani manja ali onyowa. Sabata yoyamba mudzaphonya mabatani ndipo maloko ena a manambala amadzitseka kwa kanthawi mukalakwitsa kangapo motsatizana, zimenezo muzidziwiretu pano kuti ndi kangati komanso amakhala otseka nthawi yaitali bwanji. Ine ndimabwereza kamodzi pamwezi, tsiku lomwelo ndimagwedezanso sefa kuona ngati mabawuti sanayambe kukhwepa.