Paleo siyendera thumba: onani kaye posungira musanapikule

Malipiro akangolowa, munthu amene waganiza zoyamba kadyedwe ka paleo, kotsanzira zomwe anthu akalekale ankadya ulimi usanayambe, amapita kokapikula zinthu za mwezi wonse monga mwa nthawi zonse. Amabwera ndi makilo khumi a nyama, masamba odzaza dengu, ndowa ya mtedza ndi mabotolo atatu a chiponde. Pakutha sabata ziwiri masamba asanduka madzi, nyama yasungunuka ndi kuumanso kangapo, ndipo mtedzawo, womwe ndi wokhawo watsala bwino, sunali wa paleo n'komwe. Cholakwika chimenechi chabwerezedwa mokwanira.

Kagulidwe kathu ka mwezi kanamangidwa pa zinthu zouma: thumba la chimanga la makilo 50, mpunga, nyemba, shuga, ufa. Izi mumatsamiritsa pakona n'kuziiwala. Paleo, yomwe inatchuka ku America Loren Cordain atatulutsa buku lake mu 2002, imachotsa zonsezo. Chimanga, mpunga, tirigu, mapira, mawere, nyemba, nandolo, khobwe, nzama, soya, mkaka ndi shuga zonse zimatuluka m'khitchini. Zotsala ndi nyama, nsomba, mazira, masamba, zipatso, mbatata ndi zina za m'nthaka, ndipo pafupifupi zonsezi zimaola. Ndiye funso loyamba si lakuti "kilo ndi zingati mukagula zambiri", koma lakuti muli ndi poziika pokwana bwanji.

Za mtedza tithane nazo msanga. Mtedza wathu uli m'banja la nyemba, choncho nsinjiro ndi chiponde siziloledwa kwa wotsatira paleo mosamala. Sindikunena kuti ndi zoipa, ndi chakudya chabwino kwambiri, monganso nyemba, ndipo umboni woti munthu wathanzi azipewa nyemba ndi wofooka. Koma ngati mwasankha lamulolo, dziwani zomwe likunena. M'malo mwake mumagula macadamia, omwe amalimidwa ku Thyolo ndi ku Ntchisi, nthanga za maungu ndi chitowe. Musagule zopitirira kilo imodzi pa nthawi ngati mulibe malo m'firiji. Mafuta ake sachedwa kuwonongeka kukatentha, ndipo mudzamva fungo ngati la penti yakale ndi kakomedwe kowawa kukhosi. Zikafika pamenepo n'zotaya. Chilichonse chomera chuku, chosintha mtundu kapena chokwinyika, tayaninso. Poizoni wa chuku wotchedwa aflatoxin safa ndi moto, kukazinga sikumuchotsa, ndipo amawononga chiwindi pang'onopang'ono mwakachetechete.

Nyama ndiye imadya ndalama zambiri, ndipo ndi pomwe anthu amaluza kwambiri. Yambani ndi masamu. Munthu wamkulu akamadya magalamu 150 a nyama kapena nsomba yaiwisi kawiri patsiku, ndi makilo awiri pa sabata. Anthu awiri pa mwezi ndi makilo 16 kapena kuposerapo. Kachipinda kakang'ono koumitsira ka pamwamba pa firiji sikangasunge zimenezo, ndipo mukakakamiza, nyama yapakati imatenga nthawi yaitali isanaume. Komanso pa makilo awiriwo, yofiira ya ng'ombe, mbuzi kapena nkhumba isapitirire theka la kilo yophika pa sabata. Kotsalako mudzaze ndi nkhuku, nsomba ndi mazira. Soseji, polony ndi bacon sizilowa m'gululi ngakhale wogulitsa atalemba "paleo" pa pepala.

Mukafika nayo kunyumba, igaweni tsiku lomwelo. Timatumba ta magalamu 300 mpaka 500, takudya kamodzi, mufinye mpweya wonse, mupapatize kathumbako kakhale kaphwatalala ngati buku, mulembe tsiku. Kaphwatalala kamauma msanga, kamasungunukanso msanga. Firiza izikhala pa -18°C. Nyama yogaya muidye isanathe miyezi itatu kapena inayi, nsomba zamafuta miyezi iwiri kapena itatu, zidutswa za nkhuku zimafika miyezi isanu ndi inayi. Posungunula, tsitsani kathumba kamodzi m'firiji usiku, muike m'mbale pashelefu yapansi kuti magazi asadonthere pa zina. Kusiya mulu wa nyama m'beseni padzuwa, kudulapo ya lero n'kubwezera yotsalayo, ndiko kumabweretsa kutsegula m'mimba komwe kenako anthu amati "thupi likuzolowera paleo". Silikuzolowera kanthu, mwadya nyama yowonongeka.

Nanga magetsi akathima? Firiza yodzaza, yosatsegulidwa, imasunga chakudya chouma pafupifupi maola 48. Yodzaza theka, maola 24 okha. Firiji wamba, maola anayi. Choncho malo opanda kanthu m'firiza mudzazemo mabotolo a madzi, aume, akhale ngati nkhokwe ya kuzizira. Ndipo lekani kutsegulatsegula "kuti muone ngati zikadali bwino". Magetsi akabwera, nyama yomwe ikadali ndi timiyala ta ayezi mkati ingathe kuumitsidwanso. Yofewa ndi yofunda, ayi. Ngati kwanuko magetsi amapita tsiku lonse kawirikawiri, musapikule nyama ya mwezi. Gulani ya sabata.

Zoyenera kupikuladi zilipo, ndipo n'zomwe agogo athu ankasunga kale. Usipa, matemba, utaka ndi mlamba wowamba. Posankha, thyolani kamodzi: wouma bwino amathyoka, wachinyezi amapindika. Kanani wonunkha mankhwala kapena womwe ntchentche zikuulambalala pomwe milu yoyandikana nayo zikuitera. Anikaninso tsiku limodzi padzuwa, kenako muike m'ndowa youma yotsekeka bwino, ndipo muzitsegula sabata iliyonse kuona tizilombo. Usipa ndi matemba zili ndi ntchito ina yaikulu: mwasiya mkaka, ndipo kashiamu wa mafupa anu muzimupeza mu nsomba zodyedwa ndi minga yomwe, pamodzi ndi masamba obiriwira.

Mfutso nawo ndi woyenera kusunga wambiri. Nkhwani, bonongwe, chisoso, kholowa: viikani m'madzi owira mphindi ziwiri kapena zitatu, yanikani pamthunzi podutsa mphepo mpaka atathetheka m'manja. Masamba aiwisi gulani a masiku atatu basi. Maungu osabooka amakhala miyezi pamalo ozizira. Mbatata musaike m'firiji, imalimba pakati ndi kusintha kakomedwe. Ikhale pamdima, podutsa mpweya, yosatsuka, ndipo yokhala ndi mabala mudye yoyamba. Chinangwa chaiwisi chimayamba kuda mizere pakangotha masiku awiri kapena atatu chikumbidwe, ndiye chogula chambiri ndi makaka kapena ufa wa kondowole, wochokera kwa munthu amene anaviika chinangwa chowawa masiku okwanira. Mapeyala gulani osapsa mosiyanasiyana, ena alero, ena a mawa, ena a sabata yamawa. Malambe ndi bwemba zimakhala nthawi yaitali zikauma. Uchi suwonongeka, koma ndi shuga ndithu, ndipo mwana wosakwana chaka asaulawe.

Pali chinthu chimodzi chomwe mabuku a paleo olembedwa kunja sangakuuzeni. Ku Malawi shuga ndi mafuta ophikira a m'sitolo amathiridwa vitamini A, mchere umathiridwa ayodini. Mukasiya shuga ndi mafutawo, vitamini A muipeze mu mbatata yofiira mkati, maungu, mango, mapapaya ndi masamba. Mchere wapinki wodula uja kawirikawiri ulibe ayodini wokwanira. Gwiritsani mchere wathu wamba wolembedwa kuti uli ndi ayodini, osapitirira supuni yaing'ono imodzi patsiku pa zakudya zonse. Mayi woyembekezera asasewere nazo zimenezi, ayodini ndi wofunika pa ubongo wa mwana.

Tsopano amene amandidetsa nkhawa kuposa onse. Ena oyamba paleo kuno si achinyamata ofuna kuoneka bwino, ndi akuluakulu odwala shuga omwe auzidwa ndi mnzawo kuti "siyani nsima muchira". Tinene kuti bambo wina amamwa mapiritsi otsitsa shuga a glibenclamide m'mawa uliwonse kapena amabaya insulin. Lolemba banja lachotsa nsima, mpunga ndi buledi, koma mankhwala ali pa mlingo womwewo. Mankhwalawo sadziwa kuti nsima yachoka. Amatsitsabe shuga ngati kale. Chamasana bamboyo ayamba kunjenjemera, thukuta lozizira, njala yoopsa, kulankhula mosokonekera ngati waledzera. Apabanja amati ndi "detox", ati thupi likutulutsa zoipa, ampatsa madzi a mandimu, amgoneka kuti apume. Kugona kumeneko ena sadzuka nako. Shuga akatsika pansi pa 3.9 mmol/L, kapena 70 mg/dL pa makina ena, munthu amene akutha kumeza apatsidwe masupuni aang'ono atatu a shuga m'madzi nthawi yomweyo, ayezedwenso pakatha mphindi 15, abwereze ngati sanakwere, kenako adye chakudya. Wakomoka, musamuthire kanthu m'kamwa, thamangirani naye kuchipatala. Glibenclamide amakhalitsa m'thupi, shuga angathe kutsikanso patapita maola, ndiye ngakhale atatsitsimuka aonedwe ndi achipatala tsiku lomwelo. Ichi n'chifukwa chake nyumba ya wodwala shuga iyenera kukhala ndi paketi ya shuga m'kabati, paleo kapena ayi, ndipo aliyense m'nyumbamo adziwe pomwe ili.

Kukambirana ndi dokotala kuchitike musanagule kanthu, osati mutayamba kale. Iye ndiye angasinthe mlingo wa mankhwala, osati inu, osatinso wa pa WhatsApp wogulitsa tiyi "wotsuka magazi" ndi makapisozi a mtengo wa thumba la feteleza. Aliyense wokuuzani kuti musiye mankhwala a shuga, a BP kapena ma ARV chifukwa mwayamba kudya "mwachilengedwe", mutalikireni. Wodwala impso asawonjezere nyama yekha popanda kuyezedwa. Wa gout, nyamakazi yomwe kawirikawiri imagwira chala chachikulu cha kuphazi, adziwe kuti chiwindi, zam'kati ndi nsomba zing'onozing'ono zochuluka zimadzutsa ululu wa chala chija. Ana aang'ono musawachotsere phala, nyemba ndi mkaka chifukwa choti inu mwasintha kadyedwe. Mphika wawo uziphikidwa ngati kale, ndipo thumba la ufa likhalebe pakona pake.