Musandiuzenso kuti malo alipo

Ndatopa nawo mawu akuti, "Alangizi, musade nkhawa, tikaswa mphanje kwina." Ndimawamva pamisonkhano ya kumudzi, ndimawamvanso kwa anthu ophunzira a m'maofesi muno mu Lilongwe. Mphanje yake iti?

Dziko lathu ndi la masikweya kilomita pafupifupi 118,000, ndipo gawo limodzi mwa magawo asanu ndi madzi. Mtunda wotsalawo ndi womwe uja tinali nawo polandira ufulu mu 1964. Kalembera wa 1966 anapeza anthu pafupifupi 4 miliyoni, wa 2018 anapeza 17.5 miliyoni. Zoonadi malo olimidwa akhala akukula, moti lero kuposa theka la mtunda wathu ndi minda ndi msipu. Anthu akamva zimenezi amasangalala, amati ulimi ukupita patsogolo. Tadzifunsani kaye kuti malo owonjezerawo anachokera kuti. Tinayamba kudya tsala, lija agogo ankaligoneka zaka zingapo kuti nthaka ipume. Tsala litatha tinalowa m'madambo, kenako m'mphepete mwa mitsinje, kenako tinakwera m'mapiri. Maesiteti a fodya a m'ma 1970 ndi 1980 anatapa gawo lawo ku Kasungu, Mchinji ndi konkuno. Likulu litachoka ku Zomba kubwera ku Lilongwe mu 1975, nayonso tauni inayamba kumeza minda.

Pali mayi ena amasiye a cha ku Malingunde amene nkhani yawo imandisowetsabe tulo. Iwo ankati munda wawo ndi maekala atatu. Nditauyenda ndi kachipangizo koyezera malo ka GPS unangokwana ekala imodzi ndi theka, chifukwa malemu amayi awo anali atagawirako kale achemwali awiri. Ndinawauza. Anangoseka: "Alangizi, kachipangizo kanuko sikanalimepo." Chaka chotsatira alongo awo anabwera ndi madobadoba, akuti kuli bwana wa m'tauni akufuna malo, ndipo ndalamayo ikagula munda waukulu wa nthaka yakuda kufupi ndi nkhalango ya Dzalanyama. Anandifunsa maganizo. Ine ndinangoti, "Mayi, muganize bwino." Mawu ofewa chonchija sanali oyenera tsiku limene lija. Ndinayenera kupita nawo ndekha kukaona malire.

Munda watsopanowo unapezeka kuti uli mkati mwa nkhalango yotetezedwa, ndipo analimako chaka chimodzi chokha. Nditadutsa pa munda wawo wakale ndinapeza mpanda wa njerwa, mkati muli udzu wokhawokha wofika m'chiuno, mizere yakale ikuonekabe pansi. Mayiwo tsopano amabwereka kamunda chaka ndi chaka, ndalama yake ya maganyu.

Ndipo inu a m'tauni musaganize kuti sizikukukhudzani. Mtsinje wa Lilongwe umayambira ku Dzalanyama komweko, madzi ake n'kudzaima m'madamu a Kamuzu asanafike m'mipopi yanu. Khasu ndi nkhwangwa ya wootcha makala zikamalowa m'nkhalangomo, matope ake amatsikira kwa inu.

Chonde, munthu wogulitsa munda "wosalimidwapo" m'boma lino muzimuopa. Akamakufulumizani kuti mulipire lero, kwa amfumu mupita mawa, sungani ndalama yanu m'thumba. Lamulo la malo a makolo la 2016 limalola kulembetsa munda wa banja, ndiye musadikire kuti mwini mbumba amwalire kaye, ana n'kumayamba kuloza malire ndi zikwanje. Yezetsani munda wanu. Hekitala imodzi ndi maekala pafupifupi awiri ndi theka, ndipo ambiri amamwaza feteleza wochepa pa munda umene sadziwa kukula kwake, kenako n'kumaimba mlandu mbewu.

Enanso oti musamale nawo ndi aja oyenda ndi timabotolo topanda chizindikiro m'misika ya kumidzi, akumati madzi akewo amadzutsa nthaka yoguga pa sabata imodzi. Nthaka yolimidwa chimanga zaka makumi atatu osapuma imafuna manyowa, mapesi okwiriridwa m'malo mowatentha, soya, mtedza ndi nandolo mosinthana ndi chimanga, ndiponso mitengo ya nsangu m'munda. Zimenezi zimatenga zaka. Manyowa amene mukufuna kuthira mvula yoyamba ya Novembala ayenera kukhala m'dzenje pofika Julaye.