Kosi ya bizinesi ku yunivesite inachokera kuti?

Mphwanga atabwera ku holide kuno ku Chipata anandiuza kuti ku yunivesite kwawo achotsa kosi ya entrepreneurship, yophunzitsa kuyamba ndi kuyendetsa bizinesi, pa maphunziro a digiri yoyamba. Ankafotokoza akuseka. "Amalume, tapuma. Zija zinali zongoloweza pamtima basi." Mayi ake, alongo anga, amene amagulitsa salaula pamsika wa Kapata, sanaseke nawo. Anangomufunsa kuti, "Nanga ntchito ikadzasowa udzadya satifiketi?"

Mkangano wa awiriwa ndi wakale kuposa kosiyo. Pamene Zambia inkalandira ufulu mu 1964, eni dziko okhala ndi digiri anali pafupifupi 100 okha. University of Zambia inatsegulidwa mu 1966 kuti isule anthu olowa m'maofesi amene atsamunda ankasiya, ndipo womaliza maphunziro ntchito inkachita kumudikira. Mu 1968, ku Mulungushi, Kenneth Kaunda analengeza kuti boma litenga gawo lalikulu m'makampani ambiri, chaka chotsatira n'kufikanso ku migodi ya kopa. Boma linasanduka bwana wa pafupifupi aliyense wovala tayi. Kuno kwathu masitolo akuluakulu, kuyambira tawuni ino ikutchedwa Fort Jameson, anali a amwenye a ku Down Shops. Mwana wa Mchewa kapena Mngoni akapita patsogolo ndi sukulu ankalota ukalaliki kapena uphunzitsi. Kugulitsa kunali kwa amene sukulu inawakana.

M'zaka za m'ma 1970 sukulu zinauzidwa kuti zikhale ndi minda ndi makola, ma production unit aja. Tinalima chimanga, tinaweta nkhuku, koma kuwerengera phindu palibe anatiphunzitsa. Ambiri tinkangoona ngati chilango.

Zinthu zinatembenuka mu 1991 Frederick Chiluba ndi chipani cha MMD atalowa m'boma. Lamulo logulitsa makampani a boma linabwera mu 1992, ndipo anthu ambirimbiri anachotsedwa ntchito. Abambo amene dzulo ankasayinira mafayilo anapezeka atatsegula kantemba kuseri kwa nyumba, osadziwa n'komwe kuika mtengo pa paketi ya shuga. Apa ndi pamene mawu akuti entrepreneurship analowa m'mapepala a boma: mfundo zatsopano za maphunziro a ntchito zamanja zinatuluka mu 1996, ndipo lamulo la 1998 linakhazikitsa bungwe loyang'anira maphunzirowo la TEVETA. Pa ma E awiri a m'dzinalo, wachiwiriyo akuimira mawu omwewa. Sukulu za ntchito zamanja, monga Chipata Trades, zinali ndi chifukwa chomveka, poti kalipentala kapena telala akamaliza amakatsegula pake. Mayunivesite atachuluka, a boma ndi a anthu wamba, ambiri anatengera, n'kuika kosiyo pamaso pa aliyense, kaya akuphunzira unamwino kaya uphunzitsi.

Ine ndimaona kuti kosiyi anaisenzetsa katundu woposa msinkhu wake. Dziko linasowa ntchito, ndiye anati mankhwala ake akhale kosi ya miyezi inayi. Ndinaliona pepala la mphwangayo la pulani ya bizinesi ya nkhuku, limene anakhoza nalo bwino ndithu. Anapiye 200 onse anakula, palibe ngakhale mmodzi anafa ndi chitopa, chakudya sichinakwere mtengo, ogula onse analipira tsiku lomwelo. Mayi ake ataliwerengeredwa anagwira pakamwa. Iwo amadziwa kuti belo la salaula ukalitsegula phindu lili pa zovala zoyamba kusankhidwa, zotsalazo umangobwezera ndalama yako. Amadziwa kuti wa kaloba sacheza, kuti chilimba chimayenda pokhapokha anzako ali okhulupirika, kuti wogula wodutsa pa boda ya Mwami kuchokera ku Mchinji amabwera kapena kusowa malingana ndi mmene kwacha ya Zambia ndi ya Malawi zikusinthanirana. Zimenezi m'manotsi munalibe.

Choncho amene akuti ichoke ndimawamva. Ndandanda wa wophunzira unamwino ndi wodzaza kale, fizi ndi yowawa, ndipo kosi yophunzitsidwa m'holo yodzaza, ndi munthu amene mwina sanagulitsepo ngakhale mulu umodzi wa tomato, imangodya nthawi.

Koma alongo anga nawonso sakulankhula zopanda mutu. Mu 2022 ndalama za CDF, thumba la boma la chitukuko cha m'madera, zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsitityuwensi iliyonse, ndipo zina mwa izo zimapita ku nkhongole ndi thandizo la magulu a achinyamata ndi amayi. Kuti gulu lipatsidwe, pamafunika kulembetsa, kudzaza mafomu, kufotokoza bizinesi ndi bajeti yake. Amayi a pamsika malonda amawadziwa, koma pepalalo limawagwetsa ulesi.

Holide isanathe, amayi asanu a gulu la alongo anga anabwera kunyumba madzulo, fomu yawo ili mu pulasitiki. Mphwanga anakafukula manotsi aja pansi pa sutikesi, n'kukhala nawo pakhonde. Atafika pa bajeti, mayi wina wachikulire anamugwira dzanja: "Mwanangu, apo ulembepo ndi za transipoti, ndi zovala zimene sizidzagulidwa."