Agogo akagwa n'kulephera kudzuka, musawathowe

Mvula ikayamba ku Dedza ndi ku Ntcheu, tinjira ta m'zitunda timaterera ngati therere. Mwana akagwa amadzuka n'kudzisasa. Koma agogo akaterereka pobwera kuchimbudzi usiku, fupa la ntchafu likhoza kuthyoka chakumtunda, pafupi ndi chiuno. Fupali ndi lalitali kuposa onse m'thupi, koma ukalamba umalichititsa kufumbwa mkati ngati nsungwi, makamaka kwa amayi amene anasiya kusamba.

Muwayang'ane bwino. Amadandaula ululu m'mphechepeche, sangathe kuponda, mwendo umaoneka waufupi kuposa unzake ndipo phazi limagonera kunja. Ena amatsimphina ndithu fupa lili ndi mng'alu, pabanja n'kumati angobinya.

Apa m'pamene masiku amatayikira: madzi otentha lero, mphini mawa, mkuja wina abwere kudzawongola mwendo. Musaukoke, ndipo musawakweze kabaza. Ikani nsalu pakati pa miyendo, muimange pamodzi ndi chitenje mosathinitsa, muwagoneke pachitseko n'kupeza galimoto tsiku lomwelo. Pachipatala cha boma cha Dedza kapena cha Ntcheu akawajambula ekisire.

Chikhakha sichithandiza pamalo amenewa. Ena amawatumiza ku Kamuzu Central ku Lilongwe kukachitidwa opaleshoni yoika chitsulo, yomwe imathandiza munthu kudzuka msanga. Ena amawamangirira cholemera chokoka mwendo, n'kugona pabedi masabata 6 kapena kuposerapo. Kugona kumeneku n'kumene kumatha okalamba: zilonda zakumatako, chibayo, magazi kuundana m'mitsempha ya m'miyendo. Gadiyani aziwasuntha pafupipafupi monga anamwino amuuzira, pogona pazikhala pouma, ndipo azimwa madzi okwanira. Musawamane madzi poopa kuti akodza.

Chithandizo kuchipatala cha boma n'chaulere, koma matendawa amadya chuma cha pakhomo. Galimoto ya hayala imakugulitsitsani mbuzi. Gadiyani amafunika ufa, ndiwo ndi nkhuni mwezi wathunthu n'kupitirira, kwinaku kachewere akudikira wopopera, chimanga chikumira m'thengo. Agogo omwewo ndiwo ankatsala ndi ana ena akapita kumsika wa Lizulu. Akagona, kawirikawiri ndi mdzukulu wamkazi amene amajomba kusukulu. Ndipo ena akatuluka m'chipatala sabwereranso kumunda.

Salazani njira ya kuchimbudzi, muthire mchenga poterera, tochi izigona pafupi ndi mphasa yawo. Ndodo si manyazi. Akamaona mwachimbuuzi akayezetse maso, ndipo ngati mankhwala a BP akuwachititsa chizungulire, auzeni adokotala m'malo mongosiya mankhwalawo. Usipa ndi matemba odyera limodzi ndi minga yake, bonongwe ndi mkaka zimalimbitsa mafupa, pamene fodya ndi kachasu zimawafooketsa. M'nyengo yozizira ya Juni, atulutseni aziwothera dzuwa ndi kuyendayenda pabwalo.