Chimene chinkasonkhezera nkhondo ya ku Algeria

Asilikali a dziko la France anafika ku Algiers, likulu la Algeria, m'chaka cha 1830, ndipo ulamuliro wawo unatha mu 1962. Pa zaka 132 zonsezo mfuti zinkangokhala chete kwa kanthawi, kenako n'kuyambanso kulira. Mtsogoleri wina wa eni nthaka, Emir Abd el-Kader, analimbana nawo mpaka 1847. Mu 1871 anthu a m'dera lamapiri la Kabylie anaukiranso, ndipo chilango chake chinali kuwalanda minda n'kuipereka kwa azungu obwera.

Gwero la mkwiyo linali pamindapo. Munthu amene agogo ake ankalima chigwa chachonde ankapezeka akugwira ganyu m'munda wa mpesa wa mlendo, pa nthaka yomweyo. Panalinso malamulo a eni nthaka okhaokha, olola mkulu wa boma kulanga munthu osamutengera kukhoti. Ana ankakula akuona bambo awo akunyozedwa, ndipo zimenezi mwana saiwala.

Pa 8 May 1945, tsiku limene ku Ulaya ankasangalalira kugonja kwa Germany, anthu a m'tauni ya Sétif ku Algeria anachita perete atanyamula mbendera ya Algeria. Apolisi anawombera, chipwirikiti chinabuka, azungu pafupifupi 100 anaphedwa. Pobwezera, asilikali ndi azungu okhala kumeneko anapha anthu masauzande ambiri. Ine ndimaona kuti chiyembekezo choti nkhaniyi ingathe pokambirana chinafera pamenepo, makamaka kwa anyamata amene anali atangomenyera France nkhondo ku Ulaya.

Gulu lomenyera ufulu wa Algeria, lotchedwa FLN, linayamba nkhondo pa 1 November 1954 lili ndi anthu ochepa, ena atanyamula mfuti zosakira nyama. France inatumiza asilikali oposa 400,000. Mu 1957 ankhondo a General Jacques Massu anathyola FLN mumzinda wa Algiers, koma anachita izi pozunza akaidi ndi magetsi ndiponso kuwamiza m'madzi. Anthu a kumidzi pafupifupi 2 miliyoni anasamutsidwira m'misasa yolonderedwa, ndipo m'malire a Tunisia anamangamo mpanda wamagetsi. Kunkhondo kwenikweniko Afalansa ankapambana ndithu. Koma mayi amene mwana wake anatengedwa usiku osabwereranso ndi yemweyo ankaphika chakudya cha ankhondo a FLN a m'mapiri, n'kukana kwamtuwagalu akafunsidwa ngati wawaona.

Tisabise, FLN nayonso inali ndi nkhanza zake. Inkapha anthu owaganizira kuti ndi akazitape, moti ena ankaithandiza chifukwa cha mantha. Komabe kusiyana kunalipo: msilikali wachinyamata wa ku France ankawerenga miyezi yoti abwerere kwa makolo ake, pamene mnzake wa m'phiri analibe kwina kopita.

Mu December 1960, pulezidenti wa France, Charles de Gaulle, ali paulendo ku Algeria, khwimbi la anthu linadzaza misewu ya Algiers litakweza mbendera za FLN, gulu lija Afalansa ankati latha. Pangano lothetsa nkhondo la ku Évian linasainidwa mu March 1962, ufulu unabwera mu July, ndipo ambiri mwa azungu pafupifupi 1 miliyoni amene ankakhala m'dzikomo anawoloka nyanja kupita ku France.